Galasi Limene Ndinamata Pamaliro a Layisoni

Ntchito yolembedwa ine ndinaiyamba imvi zili mbuu, ee, imvi zili mbuu m'mutu monse! Anzanga amayamba ntchito ali atsikana, ine ndinayamba adzukulu atadzaza kale mphasa. Moyo wanga wonse ndinali wa khasu: chimanga, fodya, mtedza, kenako chimanga, fodya, mtedza. Bambo a kunyumba atatisiya, chigafa cha fodya chinagwa ndi mphepo, ndipo mphamvu yochidzutsa ndinalibe. Ndiye ndinayamba kukazinga mtedza n'kumakagulitsa pa Msundwe, pakhonde pa shopu ya mafoni. Ndine Nambewe. Zilembo ndinazidziwira kusukulu ya kwacha, choncho mukaona mawu ena akutsimphina, musawaseke, afika kumene akupita.

Mwini shopuyo ndi Edina, mwana wa mnzanga wa kutchalitchi, mayi wochangamuka, wa pakamwa posachedwa. Nthawi imeneyo anali ndi zikhadabo zogula, zazitali, zofiira ngati tsabola. Tsiku lina la msika ndinamuona akulimbana ndi foni ya kasitomala, akumata galasi loteteza, lija amati pulotekita. Akamata, thovu. Akamatula, fumbi. Zikhadabo zikungogogoda pagalasi, go go go, ngati nkhuku pa lichero. Kasitomala tsinya lili apa.

Ine kuseka. "Abwana, zikhadabozo n'za ukwati, si za ntchito ayi."

"Agogo, ngati mukuona ngati n'zophweka, lowani muyese."

Ndinasamba m'manja, ndinayesa, ndinaononga. Galasi linakhala chopendekera ngati duku la munthu woledzera. Edina anaseka mpaka kugwira kauntala, koma atapuma anati, "Manja anu sanjenjemera. Zotsalazo ndikuphunzitsani. Mubwere mawa." Ndinabwerera kwathu ndikuimba msewu wonse, lichero pamutu, anthu n'kumati aNambewe alawa kachasu lero. Sindinalawe kanthu ine, ndinalawa ntchito!

Imvani tsono mmene timamatira, poti ambiri mumangolandira foni ikuwala, osadziwa thukuta lake. Poyamba usambe m'manja ndi sopo, mafuta onse achoke. Uwaze madzi pansi kuti fumbi ligone, utseke chitseko, chifukwa mphepo ya pa Msundwe imanyamula msewu wonse n'kulowa nawo m'nyumba. Foni uigoneke chagada pansalu yoyera. M'kabokosi ka galasi mumakhala kansalu konyowa ka sipiriti, kansalu kouma, ndi kasitika kotolera fumbi. Ndi konyowa upukute kuchokera kumutu kutsikira kumiyendo, osazunguliza. Kouma katsatire momwemo. Ukatero upendeketse foni kuwala kwa pawindo, uifufuze ngati ukusankha fodya, tsamba ndi tsamba. Kafumbi kakaoneka, ukhudze ndi kasitika, katola. Tsono usende pepala la kunsi kwa galasi, ugwire m'mbali ndi nsonga za zala, ulinganize kabowo ka kamera ndi kasipika ka pamwamba, ugwire mpweya, ugoneke. Chala chimodzi pakati, udinikize. Galasi limadzimata lokha, mthunzi wake n'kumayenda ngati madzi akulowa m'ngalande. Thovu likatsala, ulikankhire kumbali ndi kakhadi kokulunga m'nsalu, pang'onopang'ono, ngati ukuzira pakhonde. Edina ankakonda kunena kuti, "Agogo, fumbi likalowa, lalowa. Silimva pepani."

Masiku oyamba makasitomala ankandikayikira. Abambo ena atavala jekete anandilanda foni yawo m'manja, amvekere, "Mayi awa andiphera katundu, itanani wodziwa." Ndinangoti chabwino bambo, n'kukhala pambali. Koma pofika nyengo yogulitsa fodya, anthu ankachoka ku Mpingu, ena ku Namitete, akufunsa pakhomo kuti agogo omata aja alipo? Ndilipo, ndilipo, ndapita kuti ine!

Chaka chimene mvula inadula pakati, Edina anabwera ndi mtundu watsopano wa foni kuchokera m'tauni. Dzina lake lachizungu lilime langa limalikana, ndiye ine ndinamutcha Namwali. Mtengo wake unali woti mlimi akakolola bwino aufikira, koma maonekedwe anali a mafoni a mabwana aja timangowaona pazikwangwani. Wopyapyala, wopepuka. Kumsana kwake kunkasintha mtundu ngati khosi la nkhunda: ukatembenuza uku kuli biriwiri, ukatembenuza uku kwada ngati mtambo wa mvula. Maso a kamera atakhala pamodzi pakona ngati mafuwa. Koma ulemerero wake unali kumaso, kusikirini. Mafoni akale amakhala ndi mpanda wakuda kuzungulira chithunzi. Namwali analibe mpanda, galasi lokhalokha kuchoka m'mphepete kufika m'mphepete, lopindikira m'mbali ngati mlomo wa mbale. Chakuda chinali bii ngati makala, chofiira chili psuu, choyera chili mbee. Ukatsetsereza chala, zithunzi zinkatsata chala osakakamira. Ndipo padzuwa la masana, pamene mafoni ena amachita khungu mpaka uwaphimbe ndi dzanja, Namwali ankadziwonjezera kuwala yekha.

Chilema chake chinali chimodzi: pogwira panalibe. Paliponse ukagwira, wakhudza. Galasi lake nalonso linali lovuta kumata chifukwa cha kupindika kuja, likalakwika pang'ono m'mbali mumatukuka. Koma ine ndinamukonda, ndinkamupukuta m'mawa uliwonse ndikumuimbira, "Dzuka Namwali, dzuka usambe, alendo ako ali panjira."

Mlendo mmodzi wa Namwali anali aNankhoma, mayi wa msinkhu wanga, wa mudzi wa kutsidya kwa dambo. Anabwera ndi mwana wawo wamkazi Felesiya, yemwe ali ndi banja lake kale. Mwana wawo wamwamuna, Layisoni, anali ku Joni zaka zambiri, akusamalira maluwa pakhomo pa anthu. Ndiye anatumiza thandizo kuti mayi ake agule foni yoimbirana mukuonana nkhope.

ANankhoma anamutembenuza Namwali uku ndi uku, milomo atapotoza. "Kodi kagalasi aka ndi kamene kandibweretsere mwana?"

"Khalani pabenchi anzanga," ndinatero ine. "Khalani muone zimene sanaone amayi athu."

Ndinamata galasi, Edina analowetsa nambala, anaimba. Inalira, inalira, kenako nkhope ija tsoo, yadzaza m'manja. Tinaona ngakhale thukuta la pamphuno, ngakhale imvi imodzi yobisala m'ndevu. ANankhoma anadzidzimuka n'kubwerera m'mbuyo, kenako anayandikira.

"Iwe! Wanenepa chonchi, ukudya chiyani kumeneko? Nanga ndevu izi wapempha kwa ndani?"

Layisoni kuseka. "Amayi, koma mwakalamba bwanji!"

"Wandikalambitsa ndiwe, chitsiru iwe. Ubwera liti?"

"Mapepala akangotheka, amayi. Mundisungire nkhuku."

"Nkhuku zako zinakalamba, zatsala zidzukulu zake."

Shopu yonse inali phwete. Ine ndinavina pang'ono kuseri kwa kauntala, chifukwa zoterezi miyendo yanga siimva kuletsa. Kuyambira pamenepo aNankhoma ankadutsa tsiku la msika kudzatchaja, n'kumandiuza nkhani. Layisoni wagula njinga. Layisoni akuti kukuzizira. Layisoni akuti adzamanga ya malata. Foniyo ankaikulunga m'kansalu n'kuisunga pachifuwa, pamtima penipeni.

Tsono tifike patsiku lija.

Inali nyengo ya dzuwa, mango asanapse, mphepo ikuzungulitsa fumbi pamsika. Edina anali atapita m'tauni kukaoda katundu, ine ndili ndekha m'shopu. M'mawa, ndikupukuta pakauntala, ndinaona kabaza waima pakhomo. Wotsika anali Felesiya, duku lili pambali, maso atatupa.

"Agogo, Layisoni watisiya."

Kansalu kanagwa m'manja mwanga. Ndinamukhazika pabenchi pomwe paja anakhala mayi ake, ndipo anandifotokozera modukizaduka. Layisoni anadwala chifuwa masiku ochepa, anzake anamutengera kuchipatala, sanatulukeko. Abale anayesa njira zonse zoti mtembo ubwere kumudzi, zinakanika. Ndiye anzake a ku Joni amuika komweko, lero lomwe, dzuwa likafika pamutu. Mnzake wapamtima, Madalitso, analonjeza kuti asanatseke bokosi aimba pafoni ya mayi, kuti mayi aone nkhope.

"Koma foni yasweka, agogo. Uthenga utafika, amayi anadzigwetsa pakhonde, foni ili pachifuwa. Galasi lonse laphwanyika, palibe chooneka. M'mudzi monse ena ali ndi timafoni ta mabatani, tongomvera mawu."

"Nanga bwanji sunabwere nayo?"

"Akukana kuisiya. Aikumbatira, akuti mwana wawo ali mmenemo."

Inu amene munakulira m'tauni mwina simudziwa. Kwathu kuno maliro osaona nkhope ndi maliro olendewera. Anthu amalira ndithu, koma mtima umanong'ona kuti mwina si iye, mwina analakwitsa. Mayi akapanda kuona, amatha moyo wake wonse akuyang'ana kumsewu, basi iliyonse ikaima iye khosi kutalika. Ndipo a Nkhoma, mlongo wawo wa aNankhoma, amene ndi mwini mbumba, anali atanena kale kuti mwambo suyamba mpaka mayi aone ndi maso awo, anene ndi pakamwa pawo kuti ndi iye.

Ndinaimbira Edina. Sanachedwe. "Tsekani shopu, tengani magalasi a Namwali, pitani. Pomatula yambirani pakona, osakanikiza. Mukaona pansi pake pali inki yakuda ikufalikira, ndiye kuti sikirini yafa. Pamenepo palibe chimene mungachite, agogo, musadzivute."

Ndinamanga zida zanga pansonga ya chitenje, ndinakwera kabaza. Njira yonse ine woimba ndinali duu. M'mutu munali mawu amodzi okha: inki yakuda, inki yakuda.

Tinatsika pamene anayala masamba panjira, n'kuyenda wapansi. Amuna anali pansi pa mtengo, ali zyoli. Amayi anadzaza m'nyumba ya siwa mpaka pakhonde. Pakati, pamene pamayenera kukhala bokosi, panali mphasa yopanda munthu, atangoyalapo jekete lakale la Layisoni. ANankhoma anatsamira khoma, mawu atatha, manja onse ali pachifuwa. Ndinagwada pafupi nawo.

"Anzanga, ndine Nambewe wa kushopu. Pepani, pepani ndithu."

Ndinatambasula dzanja n'kupitiriza.

"Ndipatseni mwanayo ndimusambitse kumaso, kuti mumuone bwino."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako manja anamasuka pang'onopang'ono, natulutsa kansalu kaja, kali konyowa ndi thukuta ndi misozi.

Mayo ine, Namwali wanga! Kumaso konse kunali ukonde wa kangaude, ming'alu yokhayokha, pakona patachoka chibenthu. Ndipo m'nyumbamo munali zonse zimene ntchito yanga imadana nazo. Pansi pa dothi, anthu akulowa ndi kutuluka, aliyense akagwada fumbi n'kudzuka. Chitseko cha pamaliro sungatseke. Ndinapempha madzi, ndinawaza pakona, ndinasamba m'manja. Ndinapempha amayi awiri kuti anditambasulire chitenje pamwamba ngati denga, ine ndinalowa kunsi ndi foni. Kunja kwa chitenje nyimbo ya maliro ikuyenda, kunsi kwa chitenje ine ndi Namwali.

Manja aja Edina anawalembera ntchito, tsiku limenelo ananjenjemera. Ndinawakalipira chamumtima: inu, zaka zonsezi munasoka fodya, munasenda mtedza, munasambitsa ana ndi akufa omwe, lero ndiye muchite manyazi? Ndinalowetsa nsonga ya kakhadi pakona, ndinatukula pang'ono. Galasi losweka silichoka lathunthu, limachoka ngati chigoba cha dzira lophika, kachidutswa, kachidutswa. Kena kanandibaya chala, ndinayamwa magazi, ndinapitiriza. Nditachotsa komaliza, pansi pake panali bii, poti foni inali yozima. Inki ndi mdima sungazisiyanitse foni isanayake. Ndinatseka maso, ndinadina batani la m'mbali, ndinatsegula.

Mbee! Yathunthu! Popanda kadontho, popanda kamzere, kuchoka m'mphepete kufika m'mphepete. Galasi loteteza linafa m'malo mwa sikirini. Nthungululu inakwera kuchokera m'mimba kufika pakhosi, ndinachita kuluma chitenje kuti isatuluke, pakuti ndani amaimba nthungululu pa siwa? Ndinangosuzumira kunja n'kumuuza Felesiya, "Ali moyo, amuona."

Ndinapukuta ndi konyowa, ndinapukuta ndi kouma. Ndikuti ndigoneke galasi latsopano, dontho linagwa pakati pa sikirini, tho. Denga silikudontha, ndi diso langa. Ndinayambiranso, nkhope nditatembenuzira kumbali. Kasitika, kasitika, kulinganiza, kugwira mpweya, kugoneka. Mthunzi unayenda wokha mpaka m'mbali mopindika muja, osasiya thovu, osasiya kafumbi. Ndikuuzeni zoona, sindinamatepo galasi lokhala bwino chotero, kale lonse kapena pambuyo pake. Ukaliyang'ana unkati palibepo galasi.

M'nyumba netiweki munalibe. Malo ake m'mudzimo ndi pachulu cha kuseri kwa khola, padzuwa lenileni, popanda mthunzi. A Nkhoma anakonza mzere monga timachitira poona nkhope: mayi patsogolo, kenako alongo a malemu, kenako abale, kenako mudzi wonse, amayi ndi abambo, mzere mpaka kukafika kumtengo kuja. Anafunsa kuti agwire foni ndani. Felesiya anati, "Agwire agogo, manja anga sangathe." Ndinaima pachulu, ndinagwira Namwali m'mbali ndi nsonga za zala, monga ndimagwirira galasi, nkhope yake italoza kwa anthu. Amayi awiri anawagwiriza aNankhoma m'khwapa n'kuwaimika patsogolo panga.

Tinadikira, dzuwa likutiphika. Kenako foni inalira. Felesiya anadina kobiriwira.

Mawu a Madalitso anamveka. "Amayi, tili kumanda. Atipatsa kanthawi kochepa, kumbuyo kwathu kuli maliro ena akudikira. Konzekani, ndikutembenuza."

Ndinapendeketsa mutu kuti ndizionako cham'mbali. Panadutsa thambo, panadutsa nsapato za anthu, panadutsa m'mphepete mwa bokosi. Kenako iye.

Dzuwa linali pamutu, koma Namwali anadziwonjezera kuwala, ndipo Layisoni anaoneka ngati wagona pamanja panga. Ndevu atazipesa. Milomo youma, yong'aluka pang'ono. Chipsera pamwamba pa diso. Nsidze iliyonse payokha. Anamuveka shati yoyera, ndipo kolala ya mbali imodzi inali itapindikira mkati, pansi pa chibwano.

"Layi," anatero aNankhoma, kamawu kotsalira. "Layi, mwana wanga. Akuveka ndani chonchi?"

Dzanja lawo linanyamuka. Ndinaliona likubwera, koma linabwera mofatsa, monga dzanja la mayi aliyense mwana akamapita kutchalitchi, ndipo pakamwa panga sipanatseguke. Chala chinakhudza kolala ija kuti chiiwongole. Chitakhudza koyamba, timabatani tobisika tinatulukira m'munsi mwa sikirini. Chitasisita kachiwiri, chinagwera pa kofiira.

Nkhope inazima.

Felesiya anakuwa, anandilanda foni, anaimba. Inangolira osayankhidwa. Anaimbanso, inakana kulowa. Anakwera pansonga penipeni pa chulu, dzanja m'mwamba, anaimba, anaimba. Abambo ena akuti tembenukira uku, ena akuti zimitsa uyatsenso. Kumeneko nawo ankaimba nthawi yomweyo, mafoni n'kumagundana panjira. Pamene inalowa, chimene tinayamba kumva si mawu a munthu. Linali dothi likugwera pathabwa, di, di. Sikirini inationetsa bwinobwino mafosholo, dothi lofiira la dziko la eni, ndi nsapato zija.

"Pepani amayi," anatero Madalitso akulira. "Tinayesa kuimba, sizimalowa. Anatiuza kuti titseke."

Mzere unali chiimire, alongo a malemu, abale, anzake amene anaweta naye ng'ombe, onse osaona kanthu. Palibe amene anayamba kulira, chifukwa palibe amene ankadziwa ngati nthawi yolira yakwana. ANankhoma ankangoyang'ana chala chawo. Felesiya anandibwezera foni, ndipo pagalasi langa loyera lija panali chidindo cha chala, m'munsi, pamene panali kolala. Mwachizolowezi ndinasolola kansalu kouma. ANankhoma anandigwira pamkono.

"Siyani."

Ndinasiya.

A Nkhoma anabwera, bambo wamtali wowerama msana, anavula chipewa, anagwada pafumbi patsogolo pa mlongo wawo.

"Alongo, mwamuona?"

"Ndamuona."

"Ndi iye?"

"Ndi wanga. Chipsera chimene inamusiyira ng'ombe ya bambo ake chilipo. Koma apita naye kolala ili chopindika, achimwene. Mwana wanga wapita kolala ili chopindika."

Kenako a Nkhoma anadzuka, anayang'ana mzere uja, n'kukweza mawu.

"Mzere usabalalike. Mayi aona, ndipo anena kuti ndi iye. Ife sitinaone nkhope ya Layisoni, koma nkhopeyo sanaitole panjira, anaitenga apa. Bweretsani mpando."

Anabweretsa mpando, anawakhazika aNankhoma patsinde pa chulu. Iwo anachotsa chitenje chimene anafunda kumutu, anadzutsa nkhope padzuwa, maso ali chitsegukire. Woyamba kudutsa anali Felesiya. Anayang'ana chipumi cha mayi ake, mphuno ija, chibwano chija, ndipo kulira kumene kunatuluka mwa iye kunatsegula mudzi wonse. Anthu anadutsa mmodzimmodzi, manja kumbuyo, aliyense kuima, kuyang'ana, kupitirira akulira. Mayi osaphethira, misozi ikungotsika yokha. Inenso ndinatsika pachulu, ndinakaima kumapeto kwa mzere, foni ili m'manja, ndinadutsa nawo. Maliro a Layisoni anayambira pamenepo.

Mawa lake ndinamufotokozera Edina zonse. Wa pakamwa posachedwa uja anayang'ana Namwali wa pashelefu. Kenako anangoti, "Kuyambira lero, wachikulire aliyense akagula ameneyu, tizimuvekera kava ya milomo yokhuthala, apeze pogwira." Ndipo timatero. Ndimawakhazikanso pabenchi, ndimawaonetsa kofiira kaja, ndimawauza kuti aka ndi kotseka pakhomo, mukakakhudza mlendo wapita. Namwali sindinamude ayi. Ndimamupukutabe m'mawa, ndimamuimbirabe, ngakhale nyimboyo masiku ano imatsika pang'ono kumapeto. Akanakhala wa chithunzi cha utsi ngati mafoni akale, mayi sakanaona kolala, komanso sakanaona chipsera. Ndiye ndimude chifukwa chiyani?

Ana athu ali ku Joni ndi ambiri, ndipo si onse amabwera. Mbiri ya tsiku lija inayenda, moti tsopano zoterezi zikagwa m'midzi yozungulira, amatuma kabaza kuti katengeni aNambewe adzagwire foni. Ndimapita. Poyamba ndinkaganiza kuti nzeru ndi kugwira manja a mayi kuti asakhudze. Ndinayesa kamodzi, ndinaona kuti ndi nkhanza, ndiponso n'zosatheka. Dzanja la mayi silimangika.

Ndiye chimene ndimachita ndi ichi. Mayi asanafike pachulu, ndimayamba ndine kulankhula ndi a kutsidyako. Ndimati, ana anga, musafulumire kutembenuza foni. Yambani mwamuyang'ana inu. Wongolani kolala. Mangani batani la pakhosi. Ngati ndi wamkazi, konzani duku likhale bwino, bwezerani tsitsi lotuluka. Mupukuteni pakamwa, mudzozeni timafuta pamilomo. Foni iyi sibisa kanthu, ndipo mayi akaona chopindika, dzanja limapita lokha. Mukonzereni mwana wake yense, kuti iye atsale ndi ntchito imodzi yokha, yoyang'ana.